Kuperekeza Mnzathu ku Gulu Lothandizana pa Matenda a Maganizo

M'gulu la maphunziro timadziwana msanga. Tikakhala miyezi ingapo tikuwerenga ndi kupemphera limodzi, timazindikira mnzathu amene wasiya kuseka, amene sakupeza tulo, kapena mayi amene chiberekereni mwana amangolira osadziwa chomuliza. Timamupempherera, ndipo n'koyenera kutero. Koma m'buku la Kitáb-i-Aqdas, Bahá'u'lláh anatilamula kuti tikadwala tizipita kwa madokotala odziwa ntchito yawo. Lamuloli likukhudza nkhawa ndi kuvutika maganizo monga momwe likhudzira malungo.

Bahá'u'lláh anaphunzitsanso kuti mzimu wa munthu sufooka chifukwa cha kudwala kwa thupi kapena kwa maganizo, monga dzuwa silizima mitambo ikaliphimba. Choncho mnzathu wodwalayo tisamuyese wochepa chikhulupiriro, ndipo mawu akuti "wamisala" asamveke pakamwa pathu.

Gulu lathuli si chipatala, ndipo wotsogolera maphunziro si dokotala. Chimene tingathe ndi kuthandiza mnzathuyo kupeza thandizo loyenera, kuphatikizapo gulu la anthu amene anadutsa m'mavuto ngati akewo. Poyambira pabwino ndi pachipatala chachikulu cha m'boma lathu: tikafunse namwino woona za matenda a maganizo ngati pali gulu lotere pafupi. Kumudzi tingayambe ndi mlangizi wa zaumoyo. A St John of God amathandiza ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndipo bungwe la MeHUCA limasonkhanitsa odwala pamodzi ndi owasamalira. Ambiri akamva za matendawa amangoganiza za chipatala cha ku Zomba n'kuchita mantha, chonsecho odwala ochuluka amathandizidwa akugona kunyumba kwawo.

Pali funso limene limaimitsa Abahá'í ena pakhomo. Popeza Bahá'u'lláh analetsa kuulula machimo kwa munthu mnzathu, kodi n'kololedwa kufotokoza za moyo wathu pamaso pa gulu? Nyumba ya Chilungamo ya Dziko Lonse inayankhapo nkhani yotere yokhudza magulu a Alcoholics Anonymous, a anthu ofuna kusiya mowa: inati kugawana zimene munthu wakumana nazo m'magulu amenewa sikusemphana ndi lamulolo, chifukwa ndi njira ya kuchira. Woulula machimo amafuna kuti munthu amukhululukire m'malo mwa Mulungu. Wolankhula m'gulu lothandizana amafuna kupepukidwa, ndi kumva momwe anzake anapiririra. Mutu umodzi susenza denga.

Lamulo limene liyenera kutidetsa nkhawa kwambiri ndi loletsa miseche. Mnzathu akatiuza zakukhosi, nkhaniyo isafike kuchigayo, ngakhale mwa njira ija yooneka yachifundo yakuti "tiyeni timupempherere uje, mwamva zimene zamuchitikira?" Ndi muyeso womwewo tiyese gulu limene tamupezera. Kodi limasunga chinsinsi? Ngati wina kumeneko akuuza odwala kuti ataye mankhwala a kuchipatala, kapena akufuna ndalama zambiri polonjeza machiritso, limenelo si gulu loyenera.

Tsiku loyamba ndi limene limavuta. Mmodzi wa ife, amene mnzathuyo wamusankha yekha, angamuperekeze n'kumudikira panja, ndipo ngati vuto ndi ndalama yokwerera minibasi kapena kabaza, tisonkherane mwakachetechete. Akakana, tisamukakamize, tidzamufunsenso tsiku lina. Koma akayamba kunena zodzipha, tisadikire tsiku limene gulu limakumana. Tisamusiye yekha, tichotse mankhwala ophera tizilombo ndi zingwe pamene ali, ndipo tipite naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Tikambirane:

1. Kodi kuulula machimo kukusiyana bwanji ndi kufotokoza vuto pofuna thandizo?

2. Ndani mwa ife apite kukafunsa kuchipatala sabata ino, kuti tidziwiretu kumene gulu lotere limakumana ndi tsiku lake?