Tchopa ndi Khalidwe la Malo

M'chimangirizo chino ndikufuna kuonetsa kuti chikondwerero chimaulula khalidwe la malo. Ku Mixquic, dera la mumzinda wa Mexico City, pa 1 ndi 2 Novembala anthu amadzadza m'misewu ndi kumanda atanyamula maluwa, makandulo ndi chakudya cha abale awo omwalira. Derali limadziwika ndi mwambo umenewu.

Kwathu ku Phalombe chofananako ndi tchopa. Alhomwe amavina guleyu pothokoza mizimu ya makolo akakolola zochuluka, kapena poipepesa kukagwa chilala ndi miliri. Ovina ena amabereka zikopa, ziwiya ndi zida zolimira, katundu amene ine ndimamuona ngati chikumbutso cha ulendo wa makolo wochokera ku Mozambique. Mu 2014 bungwe la UNESCO lidalemba tchopa m'kaundula wa miyambo yofunika kusungidwa.

Komabe ndili ndi nkhawa. M'mwezi wa Okutobala anthu a ku Migowi ndi ku Chiringa amakhamukira ku Chonde, m'boma la Mulanje, kuchikondwerero cha Mulhako wa Alhomwe. Achinyamata ambiri amavina mwaluso, koma mawu a Chilhomwe a m'nyimbozo sawamva. Ng'oma zikamalira pamene chiyankhulo chikuzilala, adzamasulire adzukulu athu nyimbozi ndani?