Mamilimita Atatu Amene Anasintha Njinga ya Malume

Anzanga, ambiri a ife tikamva aphunzitsi a masamu akutchula sine, cosine ndi tangent timayamba kuyasamula, nkumadzifunsa chamumtima kuti kodi zimenezi tidzadyera pati. Inenso ndinali m'gulu lomweli mpaka pa tchuthi chapitachi, pamene njinga inandigwetsa.

Kwathu ndi kumapiri a ku Dedza. Malume anga ali ndi njinga ya m'mapiri, ija timaitchula kuti mawunteni baiki, ya magudumu a mainchesi 29. Tsiku lina anandituma kukagula mankhwala a agogo kumunsi kwa phiri. Ndikutsetsereka mwaliwiro, gudumu lakutsogolo linagunda mwala, handulo inapotoka mwadzidzidzi, ine ndiye pansi khu! Ndinasupuka bondo ndi chigongono. Amayi ataona mabalawo ananenetsa kuti njingayo igulitsidwe isanaphe munthu. Koma malume anati, "Achemwali, dikirani kaye. Mwanayu anathamangadi, komanso njingayi khosi lake ndi loima kwambiri. Tikhoza kuligoneka."

Khosi la njinga

Khosi ndi kapaipi kakafupi ka kutsogolo kwa felemu, momwe mumadutsa mtengo wa foloko. Mukaliyang'ana cha m'mbali mudzaona kuti siliima chilili koma limapendekera kumbuyo. Kupendekeka kumeneku amakuyeza m'madigiri kuchokera pa nthaka yosalala. Khosi loima njo likanakhala pa madigiri 90. Njinga za m'mapiri za m'zaka za m'ma 1990 zinkakhala pa madigiri 71 kapena pafupi pamenepo. Zambiri za masiku ano zili pakati pa 64 ndi 67, ndipo za mpikisano wotsika mapiri zimafika cha pa 63. Ya malume inali pa 68.

Nanga madigiriwa ali ndi ntchito yanji? Yerekezani kuti mwajambula mzere wodutsa m'kati mwa khosi mpaka pansi. Mzerewo umagunda nthaka patsogolo pa malo amene tayala laponda. Mpata wa pakati pa malo awiriwa umatchedwa trail. Popeza tayala limaponda kumbuyo kwa mzerewo, limakokedwa kuti liwongoke lokha, monga amachitira timagudumu ta pansi pa bedi la kuchipatala. Trail ikakhala yaikulu, njinga imayenda mokhazikika pa liwiro ndipo mwala suipotoza msanga. Ikakhala yaing'ono, njinga imakhota mosavuta koma imanjenjemera potsetsereka.

Apa ndi pamene masamu analowa. Kuti mupeze trail, tengani utali wochokera pakati pa gudumu kufika kunja kwa tayala, muuchulukitse ndi cosine ya madigiri a khosi. Pa yankholo chotsani mamilimita amene foloko yatulukira kutsogolo kwa mzere uja, kenaka gawani ndi sine ya madigiri omwewo. Pa njinga yathu utaliwo unali mamilimita 370 ndipo foloko inatulukira ndi 51. Pa madigiri 68 ndinapeza trail ya mamilimita 94 ndi theka. Nditayesa 66.5 ndinapeza 105.

Chipangizo chake

Khosi ndi lowotcherera ku felemu, choncho silingapindidwe. Chimene chimasinthidwa ndi headset, kutanthauza makapu awiri okhala ndi mabering'i, ina kumwamba ina kumunsi kwa khosi, momwe foloko imazungulira. Mu headset wamba mabowo a makapu amakhala pakati penipeni. Mu headset yosintha madigiri bowo la kumwamba limasunthidwa pang'ono kumbuyo ndipo la kumunsi limasunthidwa kutsogolo. Potero mtengo wa foloko umadutsa m'khosi mopendekeka, khosilo lili momwemo.

Kampani ya Cane Creek ya ku America inatulutsa chipangizo chotere chotchedwa AngleSet m'chaka cha 2010, chosintha ndi digiri 0.5, 1 kapena 1.5. Kampani ya Works Components ya ku Britain nayo imapanga zake, ndipo chilichonse chimapangidwa molingana ndi utali wa khosi. Chathu, cha digiri 1.5, anatitumizira msuweni wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg.

Chinandidabwitsa nchakuti mabowowo amasuntha pang'ono zedi. Pakati pa mabering'i athu panali mamilimita 120. Tangent ya 1.5 ndi 0.026, ndipo mukachulukitsa ndi 120 mupeza mamilimita atatu okha basi.

Tisanagule ndi poika

Choyamba, si njinga iliyonse imene ingalandire chipangizochi. Khosi liyenera kukhala lotakata, monga la mamilimita 44 m'kati, kapena lija lotambasuka kumunsi. Makosi opyapyala a njinga zakale alibe malo okwanira. Mafelemu amene mabering'i amakhala m'khosi mwenimwenimo popanda makapu nawonso kawirikawiri salola.

Chachiwiri, yezani utali wa khosi musanaitanitse. Mukaika chipangizo cha khosi lalifupi pa khosi lalitali, mabering'i sayang'anizana bwino, handulo imalimba ndipo amatha msanga.

Chachitatu, makapu onse awiri ali ndi kachizindikiro koyenera kulunjika pakati penipeni pa felemu. Ife tinamanga ulusi kuchokera pa paipi ya chishalo kudutsa pakati pa khosi. Tinagogoda makapu akale kuti atuluke, tinapukuta m'khosi nkupakamo girisi, ndipo atsopanowo tinawalowetsa pang'onopang'ono ndi bawuti yaitali ndi mawashala, osati ndi hamala. Ulendo woyamba kapu ya kumunsi inakhota pang'ono polowa. Ine ndinati, "Malume, tingozisiya, sizikuoneka." Iwo anati, "Mphwanga, maso sakuona koma msewu udzaona." Tinaitulutsa nkuyambanso. Kapu ikapotoka, foloko imapendekera mbali imodzi ndipo njinga imakokera kumeneko.

Zotsatira zake

Gudumu lakutsogolo linasunthira patsogolo kuposa sentimita imodzi ndi theka, motero njinga inatalikirako. Kutsogolo kunatsika pang'ono, ndipo chifukwa cha ichi kusintha kwenikweni kumachepera pang'ono pa digiri 1.5 yolembedwa ija. Nditabwerera pa mtsetse womwe uja, njinga inatsika mwaulemu. Miyala inkagundidwa koma handulo sinkandilanda, ndipo sindinamvenso ngati ndiulukira kutsogolo ndikagwira mabuleki.

Komatu walira mvula walira matope. Pokwera chitunda pang'onopang'ono, gudumu lakutsogolo linayamba kuyendayenda uku ndi uku, ndipo ndinayenera kuweramira pa handulo kuti lisadzuke. M'tinjira tokhotakhota ta m'munda njinga inkafuna malo ambiri potembenuka. Zimene tinapindula potsika tinazilipira pokwera. Nchifukwa chake munthu wokhala kuchigwa, amene njira zake ndi zosalala, sangapindule nacho kwenikweni chipangizochi. Chimathandiza iye amene vuto lake ndi mitsetse ya miyala. Dziwaninso kuti sichikonza mabuleki otha kapena tayala lopanda mano, ndipo sichilowa m'malo mwa chipewa chotetezera mutu.

Amayi anavomera kuti njinga ikhale, koma analamula kuti wopanda chipewa asaikhudze. Lamulo limeneli likugwirabe ntchito, ngakhale kwa malume amene.

Kwa anzanga a Fomu 3 ndi 4, nayi ntchito yoti muyese: njinga ili ndi gudumu la mamilimita 340 kuchokera pakati kufika kunja kwa tayala, foloko yotulukira ndi mamilimita 40, ndi khosi la madigiri 71. Pezani trail yake. Kenaka gonekani khosilo ndi digiri imodzi, muone kuti yawonjezeka ndi mamilimita angati. Amene wapeza yankho andipeze pa nthawi yopuma, tifananize.

Wophunzira wa Fomu 4