Kulimbitsa Thupi Pamene Nthawi Ikuchepa: Mafunso ndi Mayankho

1. Kodi munthu wamkulu amafunika kulimbitsa thupi nthawi yaitali bwanji?

Malangizo amene bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa mu 2020 amati munthu wazaka 18 mpaka 64 azichita masewera opepukirapo, monga kuyenda ndawala, kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata. Ngati ndi masewera ofuna mphamvu zambiri, monga kuthamanga, mphindi 75 mpaka 150 n'zokwanira. Mphindi 150 zikagawidwa pa masiku asanu, tsiku lililonse limatenga mphindi 30 zokha. Kuwonjezera apo, masiku awiri pa sabata pazikhala zolimbitsa minofu.

2. Ndimachoka pakhomo mbandakucha n'kubwerako kutada. Mphindi 30 ndizipeza kuti?

Sizikufunika kuti zikhale pamodzi. Malangizo akale ankawerengera masewera okhawo ofika mphindi 10, koma a 2020 anachotsa malire amenewa, choncho ngakhale mphindi zisanu zimawerengedwa. M'mawa tsikani minibasi patsala siteji imodzi kapena ziwiri, n'kumaliza ulendo wapansi. Pa nkhomaliro, mukatha kudya, zungulirani kaye musanabwerere pampando. Mtunda waufupi umene mumakwerera kabaza, uyendeni ndi miyendo. Kumene kuli chikepe, kwerani masitepe. Mukaphatikiza zonsezi, mupeza kuti mphindi 30 zakwana musanafike n'kunyumba komwe.

3. Nanga ntchito zapakhomo ndi zakumunda zimawerengedwa?

Inde. Kulima, kusinja, kuwaza nkhuni, kutunga madzi ndi kukolopa, zonsezi n'kulimbitsa thupi. Amene ayenera kusamala kwambiri ndi anthu ogwira ntchito atakhala pansi tsiku lonse: a mu ofesi, madalaivala, matelala ndi ogulitsa m'sitolo. Kukhalitsa pansi kumawonjezera chiopsezo cha matenda a mtima ndi shuga. Ngati ntchito yanu ndi yotere, muzidzuka pafupipafupi, ndipo foni muziyankha mutaimirira.

4. Ndingadziwe bwanji kuti ndikuchita mokwanira?

Yesani kulankhula muli mkati moyenda. Ngati mukupuma mofulumira koma mukutha kucheza, pamene kuimba kukukanika, ndiye kuti mwafikapo. Kuyenda pang'onopang'ono ngati mukuona katundu mumsika sikufika pamenepo.

5. Ndilibe ndalama zolipira ku jimu. Nditani?

Thupi lanu lomwe ndi chida chokwanira. Kunyonyomala n'kuimirira, kukankha khoma ndi manja, kapena kudumpha chingwe, zimatheka pakhonde madzi osamba akuphitsidwa. Ngati mkati mwa sabata zakanikiratu, gwiritsani ntchito Loweruka ndi Lamlungu: mpira wamiyendo, ntchemberembaye, kupalasa njinga kapena gule. Pezani mnzanu wochita naye, chifukwa munthu akamakudikirani pakhomo n'kovuta kubwerera m'bulangete.

6. Ndili ndi vuto la kuthamanga kwa magazi komanso shuga. Kodi ndiyambe?

Kulimbitsa thupi kumathandiza kutsitsa BP ndi shuga, koma sikulowa m'malo mwa mankhwala. Kambiranani kaye ndi adokotala, kenako yambani ndi mphindi zochepa n'kumawonjezera sabata ndi sabata. Mukamva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena kubanika, siyani pomwepo ndipo pitani kuchipatala.

7. Ndiyambire pati?

Sankhani chinthu chimodzi chokha pa zimene tatchulazi, muchipatse nthawi yake yokhazikika, ndipo muyambe mawa lomwe. Musadikire tchuthi kapena Januwale.