Nyanja ili pakhomo, nanga mwana akumwa chiyani kusukulu? Mafunso ndi mayankho a ku Nkhotakota

Sukulu yoyandikana ndi nyanja ingasowe bwanji madzi?

Amene amafunsa chonchi nthawi zambiri ndi mlendo wongodutsa pa msewu wa M5, amene waona nyanja ikunyezimira n'kuganiza kuti kuno ludzu kulibe. Mwini dera amadziwa kuti madzi amene mwana angawafike ndi a m'mphepete, omwewo amene amayi amachapiramo ndi kutsukiramo mbale, asodzi amatumbuliramo nsomba, ndipo padoko popanda chimbudzi anthu amadzithandiziramo mbandakucha. Mapaipi a Central Region Water Board ali pa boma ndi pa Dwangwa. Masukulu ambiri a kumudzi, kwa Mwadzama, kwa Kanyenda, kwa Malengachanzi, amadalira mjigo.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati pasukulu yoyendera, munthu aliyense amafunika malita 5 patsiku akumwa ndi kusamba m'manja. Pasukulu ya ana 1,000 amenewo ndi malita 5,000, kapena kuti ndowa 250 za malita 20. Mjigo umodzi ungathe kutulutsa madzi otero ngati ukupopedwa kosalekeza, koma mjigo wa pasukulu sukhala wa sukulu yokha. Pa nthawi ya buleki ana amaupeza utazingidwa ndi ndowa za amayi a m'mudzi, ndipo belu limalira wa Sitandade 1 asanalawe n'dontho lomwe.

Kodi madzi a m'nyanja amadwalitsa chiyani kwenikweni?

Matenda awiri ndi amene amasautsa. Oyamba ndi likodzo. Munthu wodwala akakodzera m'madzi amasiyamo mazira a tizilombo. Tizilomboto timakulira mu nkhono za m'madzi osaya, m'mabango ndi m'madambo a mpunga, kenako timatuluka n'kuboola khungu la aliyense amene walowamo. Safunika kumwa madziwo ayi, kusambira kokha n'kokwanira. N'chifukwa chake anyamata a ku Chia ndi m'mbali mwa Bua, amene tsiku silitha asanalowe m'madzi, amakodza magazi mpaka ena kumayesa kuti ndi chizindikiro cha kukula. Si kukula, ndi chikhodzodzo chimene chikuwonongeka. Unduna wa Zaumoyo umagawa mankhwala a praziquantel m'masukulu, ndipo ana amaimitsidwa pa ndodo yoyezera msinkhu kuti adziwe mapiritsi oti amwe. Mankhwalawo amapha tizilombo tili m'thupi, koma mwana akabwerera m'madzi omwewo mawa lake, nkhani imayambiranso.

Achiwiri ndi kolera. Mliri umene unayambira ku Machinga mu Malichi 2022 unafika m'maboma onse, ndipo a m'mphepete mwa nyanja, Nkhotakota, Salima, Nkhata Bay ndi Mangochi, anavutika kwambiri. Anthu oposa 58,000 anadwala m'dziko muno, oposa 1,700 anamwalira. Mu Januwale 2023 masukulu a m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre anachedwa kutsegulidwa ndi masabata awiri, ndipo mwezi wotsatira Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anakhazikitsa kampeni ya Tithetse Kolera. Nthawi imeneyo ndowa za mpopi ndi kulorini zinaoneka pakhomo pa makalasi ambiri. Mliri utazizira, ndowa zambiri zinang'aluka osagulidwanso zina.

Sukulu iyenera kukhala ndi zimbudzi zingati?

Muyezo wa WHO ndi chimbudzi chimodzi pa atsikana 25 aliwonse, ndipo kwa anyamata chimodzi pa 50 kuphatikizapo pokodzera. Sukulu ya atsikana 500 ndi anyamata 500 ikufunika zitseko 20 mbali ino ndi 10 mbali inayo. Mphunzitsi wamkulu wa kumudzi akamva nambala zimenezi amangoseka.

Kuperewera kumeneku kuli ndi mbiri. Boma la Bakili Muluzi litathetsa fizi ya ku pulayimale mu 1994, ophunzira anachoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa oposa 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Maso onse anali pa makalasi ndi aphunzitsi. Ana anaphunzira pansi pa mitengo ya mango, ndipo chimbudzi chinakhala kuthengo kuseri kwa mitengoyo.

N'chifukwa chiyani zimbudzi za kunyanja zimagwa msanga?

Nthaka. Kumtunda ngati ku Ntchisi munthu akhoza kukumba dzenje lakuya m'dothi lakatondo, makoma ake n'kukhala chiimire zaka zambiri. Kunyanja n'kumchenga: ukukumba, m'mbali mukugumuka, ndipo usanapite patali wapeza madzi. Dzenje lotere limafuna kumangidwa ndi njerwa ndi simenti kuyambira pansi, apo ayi mvula ya Febuluwale ikabwera silabu imapendekeka, khoma limang'ambika, ana n'kuyamba kuopa kulowamo. Ndipo kuopako n'koyenera. Palinso vuto lina: pansi pa dzenje payenera kutalikirana ndi madzi a m'nthaka ndi mita imodzi ndi theka, ndipo chimbudzi chikhale mamita 30 kuchokera pa mjigo. Pamalo pomwe madzi ali pafupi, chimbudzi chokumbidwa mwachisawawa chimatumiza zonyansa ku mjigo womwewo umene ana akumwa.

Izi zikufotokoza chinthu chimene chimadabwitsa ena. Pofika mu 2018 Nkhotakota inali m'gulu la maboma anayi, pamodzi ndi Balaka, Dowa ndi Ntchisi, amene analengezedwa kuti anathetsa mchitidwe wochita chimbudzi patchire. Mafumu ndi alangizi a zaumoyo anagwiradi ntchito. Koma chimbudzi cha mitengo ndi dothi pamchenga chimakhala dzinja limodzi kapena awiri. Kumapeto kwa Febuluwale 2024 madzi osefukira anamiza midzi ya ku Dwangwa, anthu zikwizikwi n'kuthawira m'misasa, ina mwa iyo m'masukulu. Chaka chomwecho nyanja inadzadza n'kulowa m'makomo a m'mphepete. Sukulu ikasanduka msasa, maenje amene akanatha zaka amadzadza m'masabata ochepa, ndipo anthu akabwerera kwawo amawasiyira ana.

Akamanena za chilungamo pa nkhaniyi, ndani akuponderezedwa?

Chimbudzi chikagwa si onse amene amavutika mofanana. Mnyamata wa Sitandade 7 amazemba kuseri kwa munda wa chinangwa n'kubwerera m'kalasi. Mtsikana wa msinkhu womwewo amene ali kumwezi sangatero. Akufunika chitseko chokhala ndi loko, madzi, sopo, ndi poti asinthire nyanda kapena padi. Zikasowa, amamanga juzi m'chiuno, kudikira anzake onse atuluke, n'kuzemba ulendo wa kunyumba. Mawa lake sabwera. Masiku atatu kapena anayi mwezi uliwonse, pofika mayeso a Sitandade 8 watsalira kutali, ndipo padoko pali anyamata a ndalama za usipa amene akumudikira ndi mawu okoma.

Boma linachotsa msonkho wina pa mapadi mu 2022, koma kwa banja lodalira kondowole ndi ndalama ya ganyu mtengo wake ukadali wokwera. Amene akuthandiza kwenikweni ndi amayi a Mother Group, amene m'masukulu ambiri amasoka mapadi ochapa ndi kulankhula ndi atsikana zimene mphunzitsi wamwamuna sangathe kunena.

Aliponso ang'onoang'ono a Sitandade 1. Bowo lopangidwira munthu wamkulu, m'kachipinda kamdima, limawachititsa mantha, choncho amadzithandiza pakhomo penipeni, wobwera pambuyo n'kupondapo wopanda nsapato. Ndiye pali mwana woyenda pa njinga ya olumala kapena wokwawa. Khomo lopapatiza ndi masitepe awiri zimamukakamiza kugwira ndi manja pansi pomwe anzake aponda. Khomo lotakata, potsetsereka m'malo mwa masitepe, chitsulo chogwirira ndi pokhalira pokwera sizidya ndalama zambiri ngati zaganiziridwa mmisiri asanayambe kumanga.

Nanga udindo wokonza ndi wa yani?

Apa ndi pamene pamakhala kulozana zala. Mabungwe amakonda kumanga chatsopano, kupenta dzina lawo pakhoma, kujambulitsa zithunzi tsiku lopereka. Za kupopa dzenje likadzadza, kugula loko, kusintha marabala a mjigo wa Afridev amene amatha ndi kupopa, zimatsalira komiti ya sukulu ndi ya makolo ndi aphunzitsi. Ndalama ya boma yotukulira sukulu, imene aphunzitsi amangoti SIG, ndi yochepa, ndipo choko, mabuku ndi denga lodontha zimailimbirana. Sopo amakhala kumapeto kwa mndandanda.

Kumene zinthu zimayendako bwino, sukulu ndi mudzi amagwirizana poyera: mabanja otunga pa mjigo wa sukulu amasonkha kangachepe mwezi ndi mwezi ku komiti ya mjigo, ndalamayo imalembedwa m'buku, ndipo mmisiri wa mijigo wa m'deralo amaitanidwa mpope ukangoyamba kulemera, osadikira kuti ufe. Chinanso chofunika kusiya ndi chizolowezi chopereka ntchito yokolopa zimbudzi ngati chibalo cha ochedwa, kapena kuisiyira atsikana okha. Mwana amene waphunzira kuti chimbudzi ndi chilango sadzachisamala. Ndandanda ya makalasi, anyamata mbali yawo atsikana mbali yawo, mphunzitsi wa pa dyute n'kumayendera, imagwira ntchito bwino.

Sopo ndi mpopi zikasowa, pali chimene sukulu ingachite lero?

Mpondagiya safuna bajeti: mitengo iwiri ya mphanda, wina wopingasa, kachigubu koboola, chingwe ndi kamtengo kopondapo. Mwana amaponda, chigubu chimapendekeka, madzi amatsika pang'onopang'ono popanda dzanja kugwira paliponse. Sopo akatha, phulusa la kukhitchini yophikira phala limathandiza kuposa madzi okha. Kulorini wothira m'ndowa zakumwa amapezeka kudzera kwa alangizi a zaumoyo. Zoterezi zimaoneka zazing'ono, koma kusukusula kumaso ndi ukhondo wa pakhomo zinali m'gulu la njira zimene zinathandiza kuti mu 2022 WHO itsimikize kuti Malawi wagonjetsa matenda a maso a trachoma.

Vuto la mpondagiya ndi mbuzi, dzuwa lowononga chigubu, ndi kuiwala kuthiramo madzi. Choncho pamafunika ana awiri a kalasi iliyonse oti azidzadza zigubu m'mawa asembule isanayambe, ndi kuzilowetsa mu ofesi akaweruka.