Ligi yatha, mpira usagone pansi pa bedi

Tiyambe ndi kalata ya mnyamata wa ku Ndirande. Akuti ali ndi zaka 16, ndi wamfupi, ndiye akufuna mankhwala otalikitsa msinkhu ligi isanayambenso. Achimwene, mankhwala amenewo kulibe, musataye ndalama. Idyani mokwanira, gonani nthawi yabwino. Muggsy Bogues anali wa mamita 1.60 okha, koma anasewera mu NBA zaka 14.

Mayi a ku Mzuzu akuti mwana wawo wamkazi akumva kuwawa pansi pa bondo. Mayi, zikomo potilembera. Mabwalo athu ambiri ndi a simenti, ndipo simenti ilibe chisoni ndi maondo. Apume kudumphadumpha kwa masabata angapo, muonenso nsapato zake ngati zinatha kunsi. Bondo likatupa, kapena ululu ukapitirira, mupite naye kuchipatala.

Tsopano kalata iyi ndiye yandigwira mtima. Yachokera ku Area 25 ku Lilongwe. Akuti: "Akochi, chithereni ligi ndimasewera tsiku lililonse ndi anzanga mpaka mdima, koma sindikusintha. Chaka chatha ndinkangokhala pa benchi."

Achimwene, kusewera gemu si kuphunzira basketball. Mu gemu mumachita zomwe mukudziwa kale, chifukwa mukuopa kuluza, pomwe timu ina ikudikira panja kuti ilowe. Kodi pamenepo mungayese dzanja lamanzere? Simungayese. Komanso tawerengani: anthu khumi, mpira umodzi. Pa ola lonse, mpirawo umakhala m'manja mwanu mphindi zingati?

Dzanja lamanzere, ana inu! Ndikakhala ku Blantyre Youth Centre kuonera anyamata athu, mtima umandiwawa. Mwana waluso, wothamanga, koma womutchinga akangotseka kumanja, basi zathera pompo, mpira wapita. Makochi a matimu ena si ana, amaona msanga n'kuuza osewera awo kuti mukankhireni kumanzere. Ndiye nthawi yokonza zimenezi ndi inoyi, pamene kulibe mapointi olimbirana ndipo palibe wokusekani mpira ukakupulumukani. Mlimi amanola khasu mvula isanagwe.

Chitani chonchi. M'mawa uliwonse, mphindi 15, njanjitsani mpira ndi dzanja lofookalo, maso ali kutsogolo, osati pa mpira. Kenako lay-up ya kumanzere: mukaponya ndi dzanja lamanzere, mumanyamuka ndi mwendo wamanja. Poyamba miyendo idzasokonezeka, mudzaoneka ngati simunagwirepo mpira. Pitirizani.

Za kuponya nazo. Nonse mukufuna kukhala Stephen Curry chifukwa cha mavidiyo a pafoni. Mwana akangofika pabwalo, wathamangira kale kumzere wa mapointi atatu, mamita 6.75 kuchokera pa ring'i, n'kumaukankha mpira kuchokera pachifuwa chifukwa mphamvu sizikukwana. Chizolowezi chimenecho chikakhazikika, kuchichotsa n'kovuta. Yambani pafupi penipeni ndi ring'i, dzanja limodzi, chigongono pansi pa mpira. Mukagoletsa kakhumi, bwererani phazi limodzi. Ma free throw muziponya mutathamanga kaye, mukupuma mwawefuwefu, chifukwa mu gemu simuponya mutangodzuka kumene. Ndipo gulani kope, muzilemba kuti lero ndaponya kangati, yalowa ingati. Popanda kope mudzadzinamiza.

Wina anena kuti kwathu kulibe bwalo. Ndinaphunzitsapo mtsikana wina amene kwawo kunalibe ring'i. Anajambula kabokosi ndi makala pakhoma, pa utali wa ring'i, mamita 3.05, n'kumalasa pomwepo madzulo alionse akamaliza ntchito zapakhomo. Atabwerera ku timu, dzanja lake linali lowongoka kuposa la anyamata okhala moyandikana ndi bwalo. Kunjanjitsa mpira kumangofuna malo olimba, ngakhale pakhonde.

Musaiwalenso mapazi. Hakeem Olajuwon ankasewera mpira wamiyendo ku Lagos ngati goloboyi asanayambe basketball, ndipo ndi mapazi omwewo amene ankazunguza nawo anthu pamene timu yake ya Houston Rockets inkatenga chikho cha NBA mu 1994 ndi 1995. Chingwe chodumphira si cha ana aang'ono okha. Chigwiritseni ntchito, koma padothi, osati pasimenti, mwamva zomwe ndawauza mayi a ku Mzuzu aja. Magemu a madzulowo musasiye ayi, koma muzipita mutagwira kale ntchito yanu, ndipo mukayese komweko zomwe mwaphunzira m'mawa, ngakhale anzanu adandaule.

Nthawi yatithera, koma pali bambo a ku Zomba amene akufunsa mpira woti agulire ana awo. Bambo, wa atsikana akuluakulu ndi saizi 6, wa anyamata akuluakulu saizi 7. Poti azisewerera panja, tengani wa labala. Wachikopa uja ndi wa mabwalo a m'nyumba, pasimenti suchedwa kupalika.