Phunziro 14: Thumba Limodzi, Makeyala Ambiri

Ana inu, agogo anga aamuna anachoka ku Ntcheu, m'dziko limene kale linkatchedwa Nyasaland, kudzagwira ntchito pafamu ya fodya kufupi ndi Banket. Masiku amenewo uthenga wa ukwati, wa matenda kapena wa maliro unkabwera pakalata. Famu yonse inali ndi thumba limodzi ku positi ofesi. M'thumbamo munkalowa makalata a mwini famu, a sitolo, a sukulu ndi a anthu a m'komboni. Kalaliki ankakhala pakhonde ndi buku lake la mayina, n'kumapatsa aliyense kalata yake. Kalata ya munthu wosalembedwa m'bukumo inkabwerera kumene yachokera.

Agogo atangofika kumene, dzina lawo linali lisanalowe m'bukumo. Kalata yonena za imfa ya mayi awo inabwezedwa, ndipo iwo anamva za malirowo patapita miyezi itatu. Nkhani imeneyi ankatiuza mpaka ukalamba wawo.

Lero mwana wanga wamkazi amagwira ntchito yofanana ndi ya kalaliki uja. Iye ali ku Dubai, ndipo makalata amene amasamalira ndi a pakompyuta, otchedwa maimelo.

Mzinda wa Dubai

Dubai ali m'dziko la United Arab Emirates, limene linakhazikitsidwa mu 1971 ndipo lili ndi zigawo zisanu ndi ziwiri. Mzindawu uli pakati pa nyanja ndi chipululu. Kumeneko n'kumene kuli nyumba yaitali mamita 828 yotchedwa Burj Khalifa. Anthu ambiri okhala mu Dubai ndi ochokera kumayiko ena, ndipo ena mwa iwo ndi abale athu a ku Zimbabwe, Malawi ndi Zambia. Mu 2000 anatsegula dera lotchedwa Dubai Internet City, kumene kuli makampani ambiri a makompyuta.

Keyala ya imelo

Keyala ya imelo ili ndi mbali ziwiri zolekanitsidwa ndi chizindikiro cha @. Amene anasankha chizindikirochi ndi katswiri wa ku America, Ray Tomlinson, mu 1971. Taonani keyala yongopeka iyi: malonda@chitsanzo.ae. Mbali ya kumanzere ndi dzina la wolandira. Mbali ya kumanja imatchedwa domeni, ndipo ili ngati dzina la famu kapena la mudzi. Zilembo zomalizira kawirikawiri zimatchula dziko: .ae ndi United Arab Emirates, .zw ndi Zimbabwe, .mw ndi Malawi, .zm ndi Zambia, pamene .mz ndi Mozambique.

Kompyuta imene imalandira ndi kusunga maimelo imatchedwa seva. Seva sigona, imadikira makalata usana ndi usiku. Maseva amatumizirana makalata potsata malamulo otchedwa SMTP, amene Jon Postel anawalemba mu 1982.

Seva imodzi, madomeni atatu

Kampani imene mwana wanga amagwirako imagula katundu ku Dubai n'kumatumiza ku Harare ndi ku Lilongwe. Tiyerekeze kuti ili ndi madomeni atatu: chitsanzo.ae, chitsanzo.co.zw ndi chitsanzo.mw. Kugula maseva atatu n'kuwononga ndalama, pakuti seva imodzi ingathe kutumikira madomeni onse, monga thumba limodzi lija linkatumikira famu yonse. Kuti zimenezi zitheke, katswiri amachita zinthu zinayi.

Choyamba, amalengeza kumene makalata ayenera kupita. Pa intaneti pali kaundula wamkulu wotchedwa DNS, amene Paul Mockapetris anakonza mu 1983. M'kaundulamo domeni iliyonse imakhala ndi mzere wotchedwa MX, umene umatchula seva yolandira makalata ake. Katswiri amalemba dzina la seva ya ku Dubai pamizere ya madomeni onse atatu. Tsopano kompyuta iliyonse padziko ikafunsa njira, ilozeredwa khomo limodzi.

Chachiwiri, amauza sevayo madomeni amene ndi ake. Amalemba mndandanda wa madomeni atatuwo m'pulogalamu yoyendetsa makalata. Imodzi mwa mapulogalamu otchuka pa ntchitoyi ndi Postfix, imene Wietse Venema anatulutsa mu 1998. Kalata ikafika, seva imayang'ana mbali ya kumanja ya keyala, n'kuona ngati domeniyo ili pamndandanda.

Chachitatu, amakonza buku la mayina. Keyala iliyonse imalumikizidwa ndi bokosi lake. Apa pamafunika kusamala kwambiri, chifukwa malonda@chitsanzo.ae ndi malonda@chitsanzo.mw ndi makeyala osiyana, ngakhale mbali ya kumanzere ili yofanana. N'chimodzimodzi ndi a Phiri a kusitolo ndi a Phiri a kusukulu: mfunda ndi umodzi, koma anthu ndi awiri. N'zothekanso kuti makeyala awiri azithira makalata m'bokosi limodzi, ngati munthu mmodzi akugwira ntchito ziwiri.

Chachinayi, amatseka khomo kwa alendo achinyengo. Seva siyenera kunyamulira munthu aliyense wosadziwika makalata opita kumadomeni ena. Ikatero, akuba amaigwiritsa ntchito potumiza makalata ambirimbiri onyenga anthu. Maseva ena akazindikira zimenezi, amayamba kukana makalata onse ochokera kwa iyo, ngakhale abwino omwe. Paja nsomba ikawola imodzi, zonse zawola.

Kuiwala mzere umodzi

Tsiku lina mwana wanga anachita choyamba n'kuiwala chachiwiri. Kaundula wa DNS ankaloza ku Dubai, koma domeni ya ku Malawi inalibe pamndandanda wa seva. Kwa masiku awiri makalata onse a domeniyo ankakanidwa pakhomo, ndipo otumiza ankalandira uthenga wakuti kalata yawo sinafike. Wamalonda wina wa ku Lilongwe anangotsala pang'ono kukagula katundu kwina, poganiza kuti akumunyalanyaza. Mwana wanga atapeza vutolo anawonjezera mzere wosowawo, napepesa kwa mabwana ake. Usiku womwewo anandiimbira lamya nati, "Bambo, lero ndakumbukira kalata ya agogo anu ija." Kuyambira pamenepo, akawonjezera domeni yatsopano amayamba wadzitumizira kalata yoyesera kuchokera kukeyala ina, asanauze anthu kuti zonse zili bwino.

Inunso mukamalemba keyala, kaya papepala kapena pakompyuta, muziwerenga kawiri musanatumize. Chilembo chimodzi cholakwika chikhoza kubweza kalata kapena kuipereka kwa munthu wina.

Mawu atsopano

Imelo: kalata yotumizidwa kudzera pa intaneti.
Domeni: mbali ya keyala imene ili kumanja kwa chizindikiro cha @.
Seva: kompyuta yotumikira makompyuta ena.
Kaundula: buku lalikulu losungamo mayina.
Kalaliki: mlembi wa muofesi.

Mafunso

1. N'chifukwa chiyani kalata ya agogo inabwezedwa?
2. Tchulani mbali ziwiri za keyala ya imelo.
3. Kodi zilembo izi zikuimira mayiko ati: .ae, .zw, .mw?
4. Kodi mzere wa MX umagwira ntchito yanji?
5. Fotokozani chimene chimachitikira seva yonyamulira aliyense makalata.
6. Kodi ntchito ya seva ikufanana bwanji ndi ya kalaliki wa pafamu?

Ntchito ya m'magulu

Gawikanani m'magulu atatu, ndipo gulu lililonse lisankhe dzina la domeni yake. Mwana mmodzi akhale seva, atenge mndandanda wa madomeni ndi wa mayina. Ena onse alembe timakalata m'Chichewa, n'kuika keyala pamwamba. Aphunzitsi aonjezere kalata imodzi ya domeni yachilendo. Onani ngati seva wanu aizindikira n'kuibweza.

Ntchito ya kunyumba

Funsani agogo kapena munthu wina wachikulire momwe ankalandirira makalata ochokera kumudzi. Lembani ziganizo zisanu za zimene akuuzeni, ndipo mudzawerengere anzanu m'kalasi.