Mayi woyembekezera akadwala chimfine ku Chama

Kodi n'zoona kuti chitetezo cha m'thupi chimagwa mayi akaima?

Chimasintha kagwiridwe kake ka ntchito. Mwana ali m'mimbayo anatengako kwa bambo ake, choncho thupi limaweta asilikali ena kuti asamuthire nkhondo. Ena amachita kulusa kuposa kale. Mu 2014, akatswiri a pa yunivesite ya Stanford ku America anapeza kuti maselo ena a amayi oyembekezera amalimbana ndi kachilombo ka chimfine cha fuluwenza mwaukali kuposa a amayi ena. Ukaliwu ukapyola muyeso umatupitsa mapapo, mayi n'kuyamba kubanika.

N'chifukwa chiyani chimfine chimavuta mimba ikakula?

Chiberekero chimapanikiza mapapo pamene thupi likufuna mpweya wa anthu awiri. Pa mliri wa fuluwenza wa 2009 ku America, amayi apakati anali pafupifupi 1 mwa anthu 100 alionse, koma mwa omwalira 100 alionse, iwo anali pafupifupi 5.

Kodi kachilomboka kamafika kwa mwana?

Kawirikawiri ayi, kamathera m'mphuno ndi pakhosi. Chimene chimadutsa pa nsengwa ndi chitetezo chimene mayi wapanga, makamaka m'miyezi 3 yomaliza, ndipo chimatchinjiriza khanda likabadwa. Choopsa kwa mwana ndi thupi la mayi likatentha kwambiri.

Thupi latentha, ndingodikira kuti chithe chokha?

Osayerekeza. Chama ili m'chigwa cha Luangwa, komwe madzi olimira mpunga amaswetsanso udzudzu, ndipo malungo amayamba ngati chimfine. Kutentha kukafika madigiri 38, kayezetseni magazi tsiku lomwelo, ngakhale kuti munamwa Fansidar wa kusikelo.

Ndimwe chiyani?

Madzi ambiri ndi Panado, kenako mupume. Amoxicillin wa pagolosale sapha kachilombo ka chimfine, n'kutaya ndalama chabe. Brufen musamwe popanda dokotala. Utsi wa nkhuni nawo umakulitsa chifuwa, ophika asinthe kaye.

Ndithamangire liti kuchipatala?

Mukamapuma movutika, pamtima pakamapweteka, kapena mwana akachepetsa kusuntha. Chifuwa chikapitirira milungu 2, akuyezeni TB. Inu abambo a kwa Kambombo, kwa Tembwe ndi kwa Chikwa, mukudziwa mmene mitsinje imatsekera njira m'dzinja: nyamukani ndi akazi anu masana, musadikire kuti afooke usiku.